Mota Ziwiri pa Shafiti Imodzi

Dzina loti a Khutu sanadzipatse okha, ngakhale kuti akanawafunsa akanasankha lomwelo. Anawapatsa ndi anthu a mumsewu wawo, msewu wa owotcherera zitsulo, ometa ndi ogulitsa matayala, momwe iwo akhala akukulunga mawaya a mota zamagetsi zopsa kwa zaka makumi atatu ndi zisanu. Shopu yawo ndi kachipinda kamodzi: benchi, vaisi yosatseka bwino, mawaya a kopa pamisomali, botolo la vanishi, ndi mulu wa mafani omwe eni ake anati adzatenga mawa. Ena mwa eni akewo anaikidwa m'manda kalekale.

Ntchito yawo inali ya khutu. Munthu akabwera ndi pampu kapena guraindala, iwo sankathamangira kumasula. Ankayatsa kaye, n'kutenga sikuludiraiva yaitali, nsonga pa chitsulo cha mota, chogwirira pakhutu, maso otseka ngati munthu wopemphera pa maliro a wolemera. Kenako chigamulo. "Bering'i ya kumbuyo." Kapena, "Koyilo imodzi yagona." Mukamasula, mumapeza ndi momwemo. Panali ngakhale mbiri yoti tsiku lina anamva firiji ya m'sitolo ya kutsidya kwa msewu ikudwala mwini wake asanadziwe. Nkhaniyi inali yabodza, koma a Khutu sanaitsutsepo.

Lusoli sanaphunzitse munthu, ngakhale mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, amene anakulira pakhomo pa shopuyo akufunsa chifukwa chake ichi chimazungulira ndi chifukwa chake icho chimatentha, mpaka anthu anamutcha Mafunso. Akatambasula dzanja kuti agwire chida, bambo ake ankati, "Khutu saphunzitsa, munthu amabadwa nalo. Pita ukawerenge." Anapitadi kukawerenga, ndipo anawerenga mopitirira muyeso, mpaka anakafika ku koleji ya zamakina. Pagulu a Khutu ankadzitama nazo. Mumtima zinkawawawa kuti mwanayo anasiya kuwafunsa.

Tsono chimene msewu wonse sunkadziwa ndi ichi: khutu lija linatha. Silinathe tsiku limodzi. Choyamba kuchoka chinali kulira kwa udzudzu, ndipo iwo anathokoza Mulungu poganiza kuti mankhwala opopera ayamba kugwira ntchito. Kenako kunachoka kulira kwa foni, kenako mawu a akazi ndi ana. Pofika pomwe nkhaniyi ikuyambira, mota iliyonse inali itasanduka yaulemu, yabwino ndi yodwala yomwe zonse zikungong'ung'udza chapatali. Mwambo wa sikuludiraiva sanausiye. Ankatsekabe maso, koma tsopano ankagwira ntchito ndi mphuno ndi chikhatho, ndiponso ankayamba ayang'ana kaye mwini katundu, pakuti munthu wa nsapato zowala sathira girizi. Nthawi zambiri ankalasa. Akaphonya ankati mawaya a masiku ano ndi achinyengo.

Pocheza ndi anthu ankayendera mayankho atatu: "Zimachitika," "Tiona," ndi "Mubwere nayo Lachitatu." Anawatumikira bwino, kupatula tsiku lomwe kasitomala wina anawadandaulira kuti apongozi ake agonekedwa m'chipatala, iwo n'kumuuza kuti abwere nawo Lachitatu adzawamasule. Wometa wa shopu yoyandikana, munthu amene pakamwa pake palibe chitseko, anaseka sabata yathunthu, koma anaganiza kuti inali nthabwala.

Amene ankadziwa anali akazi awo okha, ndipo sanaulule chifukwa zinkawapindulira. Kwa zaka ziwiri mayi a Mafunso ankawapatsira amuna awo tiyi akumwetulira, uku akunena chapansipansi zonse zimene anazisunga chikwatiranireni. "Imwani, nkhalamba youma mutu inu." A Khutu ankati, "Zikomo, mayi," ndipo ankauza anzawo kuti banja lawo silinakhalepo pamtendere ngati tsopano.

Loweruka lina m'mawa Mafunso anatsika pa takisi atanyamula chinthu chooneka ngati katebulo ka mawilo komwe kachita ngozi. Anachiika pa benchi. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo aka kanali koyamba kubweretsa chinthu mushopumo chichokereni ku pulayimale.

"Ababa, iyi ndi loboti yathu. Mpikisano wa makoleji uli Lachisanu."

A Khutu anatola mawu awiri pamilomo yake, loboti ndi Lachisanu. Mwayi wawo unali woti mwanayo sayankhula za makina popanda pensulo, ndiye zotsalazo anaziwerenga papepala. Lobotiyo, makina odziyendetsa okha, iyenera kuponya mipira isanu mudengu lokolekedwa m'mwamba, mamita anayi kuchokera pomwe yaima, nthawi isanathe. Choponyera chake ndi gudumu la labala lozungulira mwaliwiro. Mpira ukalowa pakati pa gudumulo ndi chitsulo chopindika umafinyidwa n'kuthawa, monga imachitira njere ya lalanje pakati pa zala. Vuto n'loti mpira uliwonse umaba liwiro la gudumu, ndipo mota iyenera kulibweza mpira wina usanalowe. Anzake awiri a m'gulu anapanga za mawilo ndi za kompyuta, choponyera chinali chake. Okonza mpikisano anamupatsa mota zitatu basi: ziwiri zazing'ono zothamanga, ndi imodzi yaikulu yaulesi. Ikapsa palibe ina, ndipo kuikulunganso n'koletsedwa.

"Woletsa kukulunga mota ndi ndani ameneyo?" anatero a Khutu ataona mzere umenewo. "Akufuna ife tizidya chiyani?"

"Ndi malamulo, ababa."

Iye anali atawerengetsa kale. Mota ziwiri zazing'onozo zikokere pamodzi shafiti imodzi, kachitsulo kolowa pakati pa gudumu, iliyonse ndi giya ya mano khumi, kuzungulitsa giya ya mano makumi atatu ya pa gudumu. Liwiro lichepa katatu, mphamvu ichuluka katatu, ndipo gudumu silifooka. Papepala zonse zinali bwino. Chimene chinamubweretsa n'chakuti akaziyatsa, china chake chinkalira mosakhala bwino, ndipo sankadziwa ngati mota ina ikukoka inzake kapena magiya alumana kwambiri. Apa anaika pensulo pansi n'kuwayang'ana m'maso, ndipo mawu awa a Khutu anawawerenga onse.

"Ndikufuna khutu lanu."

Mtima wawo unadumpha ndi chimwemwe, n'kugwa nthawi yomweyo. Zaka zonsezi ankadikira tsiku limeneli, ndipo lafika khutu litapita kale. Kale ntchito yotereyi inali masewera. Mota ziwiri zikasiyana liwiro pamamveka kafunde, wuu-wuu-wuu, ndipo iwo ankakamva asanakhale n'komwe pansi. Koma kafundeko sikanunkha, ndipo sikatentha. Anayatsa, anaika sikuludiraiva, anatseka maso. Sanamve kanthu. Atasuzumira ndi diso limodzi anaona mwana wawo akuwayang'ana momwe ankachitira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo pakhomo wometa anali ataima kale, lumo lili m'manja. Akanena zoona, uthenga ufika kumapeto kwa msewu tiyi asanazizire. Zimenezo mwina akanapirira. Chimene sakanapirira n'choti Mafunso asadzawayang'anenso choncho.

Munthu akalephera kuyankha funso amapha funsolo. Anatsegula maso n'kupukusa mutu.

"Mota ziwiri pa shafiti imodzi? Imeneyo ndi mitala, mwana wanga. Sizigwirizana. Chotsa imodzi."

"Imodzi singakwanitse. Ndawerengetsa."

"Pepala linayamba laponyapo mpira? Kuponya ndi liwiro. Tembenuza magiyawo, yaikulu pa mota, yaing'ono pa gudumu."

"Ababa, ikatero ivutika. Ikoka magetsi ambiri, itentha."

Mawuwo sanawatole, koma kukana kumaoneka pankhope. "Ine ndikhala ndikuimvera. Ikayamba kudandaula ndikuuza."

"Mverani akuluakulu, achemwali," anatero wometa, amene mota yomwe ankaidziwa inali ya m'makina ake ometera.

Mafunso anayang'ana pepala lake, anayang'ana bambo ake, n'kulipinda pepalalo. Izi ndi zimene zimawaluma a Khutu mpaka lero. Mwanayo ankalondola, ankadziwa kuti akulondola, koma anawakhulupirira.

Atachotsa mota imodzi n'kutembenuza magiya, anakayesera kuseri kwa shopu, masana, atakoleka ndowa pa mtengo wa magetsi. Gudumu linayamba mwaulesi, kenako linakwera, kukwera, mpaka magiya anayamba kulira moti galu wa owotcherera anathawa, wometa anatseka makutu, ndipo mayi a Mafunso, amene anabwera ndi chakudya, anaima patali ndi mbale zawo. A Khutu ankangomwetulira.

"Mwaimva? Yachete ngati mkamwini watsopano."

Anthu anayang'anana. Nanga ndani angawauze a Khutu za phokoso?

Mpira woyamba ndowa sunaione n'komwe. Unadutsa pamwamba pa mpanda, pamwamba pa denga la ogulitsa matayala, ndipo za kumene unatera anthu akadakangana mpaka pano. Wometa anaomba m'manja. Wachiwiri unafika theka la njira. Wachitatu unatuluka mwaulemu n'kugwera pa nsapato ya a Khutu. Mota inali itasiya kulira, tsopano ikubuula ngati munthu wosenza thumba la simenti pamakwerero, ndipo Mafunso anaika chala pa swichi.

"Ababa, ndizimitse?"

Iwo anali atatseka maso, sikuludiraiva pakhutu, ndiye milomo sanaione. Mafunso anafunsanso. Poona bambo ake ali phee, nkhope yodekha ya katswiri, anaganiza kuti zonse zili bwino, n'kulowetsa mpira wachinayi. Amati tsoka silinunkha, koma ili linanunkha vanishi wopsa, fungo lomwe a Khutu akhala akudyera moyo wawo wonse. Anatsegula maso utsi ukutuluka kale.

Anadzudzula batire. Anadzudzula mipira. Anadzudzula mawaya a masiku ano ndi dziko lomwe linapanga motayo, ngakhale sankalidziwa. Mafunso anamasula mota yopsayo pang'onopang'ono, anaikulunga m'pulasitiki, analemba papepala kuti abweranso Lolemba, n'kuchoka osadya.

Lamlungu masana, a Khutu ali pakhonde, akazi awo anakoka mpando n'kudzakhala mbali ya khutu lakumanzere, lomwe linali ndi kamoyo pang'ono. Ulendo uno sananong'one. Anayankhula ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa msika.

"Bambo a Mafunso, mwana uja anakufunsani kawiri."

"Anandifunsa chiyani?"

"Ngati azimitse. Kawiri konse. Inu muli m'mapemphero."

A Khutu anayang'ana zala zawo zakuda ndi vanishi. "Munadziwa liti?"

"Chaka chatha ndi chinzake. Ndakutukwanani zokwana buku."

"Ine ndimaona ngati mwasintha mtima."

"Ndinasintha mawu okha. Tamverani. Ine ndinamizeni, makasitomala anamizeni, ndi akuluakulu amenewo. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo inu mukufuna kuferamo ndi loboti ya mwana."

"Tiona," anatero a Khutu. Ulendo uno anali atamva zonse.

Lolemba Mafunso anabwera ndi pepala latsopano ndi maso ofiira. Njira zinatsala ziwiri, zonse zosakoma. Mota yaing'ono yotsalayo ndi magiya ochepetsa liwiro, koma izidikira pakati pa mpira ndi mpira, ndiye nthawi ikhoza kutha mipira isanathe. Kapena yaikulu yaulesi ija ndi magiya owonjezera liwiro kawiri, zomwe zinali pachibale ndi zimene zinapsereza inzake, kungoti iyi inali ndi msana. Anasankha yaikuluyo.

A Khutu anali atafika mushopu m'mamawa, ndipo anali atafukula pansi pa mulu wa mafani gudumu lachitsulo la makina osokera akale. Analiika m'manja mwa mwana wawo.

"Manga ili pambali pa la labalalo. Cholemera sichitaya liwiro msanga. Mpira uziba kwa ili, mota izipuma."

Izi sizifuna khutu. Mafunso analiyeza pa sikelo, anawerenga malamulo, analemba manambala, n'kugwedeza mutu. M'mawa wonsewo anagwira ntchito limodzi, wina akuboola, wina akumanga, osayankhulana kwenikweni, ndipo kwa a Khutu unali m'mawa wokoma kuposa yonse ya mushopu imeneyo. Anayamba kudzinyengerera kuti mlandu watha. Apereka gudumu, mwana wasangalala, nanga kuulula n'kwa chiyaninso.

Cha m'ma leveni zonse zinali zitamangidwa. Wometa anabwera ndi kasitomala wometedwa mbali imodzi, owotcherera awiri anasiya geti la munthu kuti adzaone mpira ukuuluka. Mafunso anatenga sikuludiraiva pa benchi n'kuwapatsa bambo ake, ndipo anayankhula atawayang'ana.

"Mwina Loweruka linalidi vuto la batire, monga munanenera. Ndabweretsa lina. Koma iyi ikapsa ndiye kuti ndatha, ababa. Mukangomva ikubuula mundiuze msanga."

Mwanayo anali akuwakhulupirirabe, ndipo anali atawapezera ngakhale pothawira. A Khutu anaika nsonga pa chitsulo. Anakweza chogwirira mpaka pa phewa, n'kuima pomwepo. Maso sanatseke.

"Usayatse."

"Bwanji?"

"Sindimva."

Ankafuna kunena chapansipansi, koma munthu wosamva sadziwa kukula kwa mawu ake, ndiye chinsinsi chimene anachisunga zaka ziwiri anachilengeza mpaka kwa ogulitsa matayala.

"Zaka ziwiri tsopano. Mota zako ziwiri zija sindinazimve, n'chifukwa chake ndinati uchotse imodzi. Loweruka sindinamve kanthu. Batire linalibe mlandu. Pepala lako linali bwino."

Wometa anatsegula pakamwa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya msewuwo simunatuluke kanthu. Kenako anakumbukira udindo wake, n'kutuluka mwachangu, kasitomala wake akumutsatira ndi theka la mutu.

A Khutu anali atakonzekera chisoni. Ndicho ankachiopa kwambiri, kuti mwana awagwira paphewa n'kuwayankhula ngati wodwala. Koma Mafunso ndi mwana wa mayi ake. Mtima unamukwera, ndipo mawu anakwera nawo.

"Ndiye kuti munandiwotchera mota chifukwa cha manyazi? Miyezi inayi ndili pa chinthu chimenechi. Anzanga ndinawauza kuti bambo anga salakwitsa, ndinawauza ndi pakamwa pangapa. Ndinakufunsani kawiri. Nanga pafoni paja? Ndinakuimbirani kuti ndakhoza kuposa kalasi yonse, inu n'kundiyankha kuti zimachitika. Ndinalira tsiku limenelo, mukudziwa? Ndimaona ngati za ine mulibe nazo ntchito. Zaka ziwiri ndikuyankhula ndi khoma, khomalo likugwedeza mutu."

Owotcherera aja anayang'ana pansi, n'kukumbukira geti lawo.

Za Lachisanu tinene pompano kuti zichoke. Loboti inalowetsa mipira itatu pa isanu n'kukhala yachinayi. Ndi mota ziwiri zija mwina ikanapambana, ndipo Mafunso sabisa zimenezo, amazinena ngakhale pali alendo. Mumsewu dzina la a Khutu silinachoke, kungoti tsopano amalitchula mokuwa ndiponso akuseka. Makasitomala ena anasamukira kwa mnyamata wa mamita oyezera magetsi ndi timagetsi tothwanima, ena anatsala chifukwa mota yokulungidwa ndi a Khutu siibwerera.

Koma iwo akamakamba za sabata imeneyo, Lachisanu salitchula. Amakamba za Lolemba, ataima ndi sikuludiraiva m'manja, mwana wawo akuwakalipira pamaso pa anthu. Chifukwa anamva. Mawu aliwonse anawafika athunthu, kwa nthawi yoyamba m'zaka ziwiri, ndipo sanali mawu amene ankawakumbukira. Anali atakula, atatsikira pansi, mawu a munthu wamkulu, ndipo kukula konseko kunachitika iwo akugwedeza mutu. Misozi inawatsika osaipempha.

Mafunso ataiona anasiya, poganiza kuti wapyola malire.

"Pitiriza," anatero a Khutu. "Ndikukumva."

Mwanayo anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja, anatembenukira ku loboti, n'kunena kanthu kena chapansipansi. Pakamwa pa a Khutu panafika yankho lina mwa atatu aja, lokonzeka kale. Analimeza.

"Sindinamve, mwana wanga. Bwereza."

Mafunso anazungulira benchi n'kudzaima kumanzere kwawo.

"Ndati gwirani lobotiyi isagwe. Ndikuyatsa."

A Khutu anaika zikhatho zonse ziwiri pa chitsulo. Gudumu linayamba kunjenjemera m'manja mwawo, likukwera pang'onopang'ono. Mafunso anapendeketsa mutu, mpira woyamba uli m'dzanja, akumvetsera, ndipo a Khutu anayang'anitsitsa nkhope yake kuti adziwe ngati mota ili bwino.